Gule Wopanda Mpumulo

Nemesio Lagunes anali wosoka nsapato, ndipo monga osoka nsapato onse, tsiku lonse ankakhala ndi timisomali m'kamwa. Kachipinda kake kogwiriramo ntchito kanali kumaso kwa nyumba, kuno ku Veracruz, m'dera lija la nyumba zamatabwa zimene zimatsamirana ngati anthu otopa. Munthu akamulankhula, iye ankangoyankha ndi mphuno, nyundo ili pa ntchito. Mkazi wake, Otilia, anazolowera kalekale. Ankamuikira khofi pambali pa chitini cha guluu n'kubwerera kukhitchini kukakazinga nthochi, osayembekezera zikomo.

Wosawadziwa akanati banja ili lilibe nkhani. Nkhani zinalipo, kungoti zinali ndi malo ake ndi tsiku lake. Loweruka lililonse, dzuwa likayamba kufewa, Nemesio ankalavulira misomali m'kabotolo, n'kusamba, n'kuvala malaya oyera amene Otilia anasita mpaka kuuma gwa. Otilia ankavala diresi la maluwa n'kutenga chokupizira chake. Akatero ankayenda wapansi mpaka pabwalo lalikulu lapakati pa mzinda kukavina danzón.

Gule ameneyu sathamanga. Mwamuna ndi mkazi amagwirana, mapazi akukhwekhwereza pansi, ndipo odziwa amatha nyimbo yonse ali pamalo ongokwana lichero. Katatu m'nyimbo iliyonse, oimba akabwereza kachigawo koyambira kaja, ovina onse amaleka. Amatayana, n'kuima phewa ndi phewa, maso kwa oimba. Amayi amatambasula zokupizira, abambo amapukuta thukuta, ena amawombera m'manja oliza malipenga. Kenaka, popanda wowauza, onse amagwirananso pa kugunda kumodzi. Umenewo ndiwo timati mpumulo. Wopitiriza kuvina pa mpumulo amasekedwa mpaka kwawo, chifukwa ameneyo ndi mlendo, apo ayi ndi gonthi.

Pa mpumulo m'pamene Otilia ankalankhula. Chokupizira chili pakamwa, maso ali kwa oimba, ankatulutsa zimene wasunga sabata yonse, ndipo Nemesio, popeza m'kamwa munalibe misomali ndipo m'manja munalibe nyundo, ankamva. Anamvera pa mpumulo kuti mkazi wake ndi woyembekezera. Anamvera pa mpumulo, patapita zaka, kuti mwana wawo mmodzi yekhayo wapeza mwamuna wa ku Puebla ndipo akupita. Ngakhale zoti denga likudontha pamwamba pa bedi, Otilia ankadikira nazo Loweruka. Mawu olemera sankadziwa kuwanena maso ndi maso. Ankawatha akaima m'mbali mwa mwamuna wake, malipenga akuwaphimba. Banja linayenda choncho zaka makumi atatu ndi mphambu zisanu, ndipo linayenda bwino.

Koma Nemesio anali ndi kachilonda kamene ankakabisa pansi pa malaya oyerawo. Ankaona pa kanema anthu a ku Argentina akuvina tango m'nyumba zikuluzikulu za ku Ulaya, anthu ovala masuti akuwaimirira. Ankamva kuti ngakhale ku Japan kuli masukulu a gule wa salsa. Akaona zimenezi ankazimitsa kanemayo. Bambo ake, amene anasenza matumba a khofi padoko mpaka msana unapindika, ndiwo anamuphunzitsa danzón, ndipo ankati gule waulemu ngati ameneyu palibenso pansi pano. Nanga bwanji dziko silimudziwa? Nanga bwanji amangoonereredwa ndi nkhunda za pabwalo ndi ogulitsa mabaluni? Sikuti Nemesio ankafuna dzina lake limveke ayi. Ankafuna kuti gule wa bambo ake apatsidwe mpando wa kutsogolo.

Loweruka lina la mwezi wa Febuluwale, pakati pa oonerera panali mayi wamtali, wa tsitsi ngati ndevu za chimanga, akujambula Nemesio ndi Otilia pa foni. Oimba asanafike pa nyimbo yomaliza, mayiyo anatsata awiriwo n'kuwapempha kuti akamwe naye khofi wamkaka pansi pa makonde a pabwalopo. Anati dzina lake ndi Annelie, kwawo n'kumpoto kwa Ulaya, ndipo chaka chilichonse amakonza chikondwerero cha magule a mayiko athu ano mumzinda wakwawo.

"Ndazungulira mayiko asanu," anatero, chilankhulo chathu akuchithyola ngati nkhuni zaziwisi, "koma sindinaone anthu awiri akuyenda ngati munthu mmodzi chonchi. Mu Meyi kudzabwera aphunzitsi a magule ochokera m'mayiko makumi awiri. Gule amene wawakomera amakamutsegulira makalasi kwawo. Danzón sanafikeko n'kamodzi komwe. Ndikufuna mubwere inuyo."

Nemesio anaika tambula yake ya khofi patebulo n'kusendera pafupi.

"Pali kanthu kamodzi kokha," mayiyo anapitiriza. "Mudzakhala ndi mphindi zinayi. Ndiye kuimaima kuja. Kuno n'kokongola, ndaona ndithu. Koma kwathu ovina akaima, anthu amati zatha. Amawomba m'manja n'kuyamba kuyang'ana mafoni, ndipo mukamayambanso mwawataya kale. Kodi simungavine osaima?"

Otilia anayang'ana m'tambula mwake, akutakasa shuga amene anali atasungunuka kale. Akanapatsidwa mpata mwina akanayankha. Koma mwamuna wake anamutsogolera.

"Tingathe, mayi. N'kanthu kochepa."

Chimene Nemesio sankadziwa n'chakuti Lachinayi la sabata yomweyo Otilia anali atapita yekha kwa dokotala, atatsanzika kuti akukagula nsomba. Kwa miyezi ingapo mpweya unkamuthera akangokwera masitepe a kumsika. Dokotala anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali.

"Mtima wanu watupa, mayi, ndipo ukudumphadumpha. Mankhwala awa musadumphitse. Chilichonse muzichita mosathamanga."

Otilia anafunsa chinthu chimodzi chokha, za kuvina.

"Mumavina chiyani?"

"Danzón."

Dokotala anaseka. "Ameneyo vinani. Anamupangira mitima ngati wanuwu. Ali ndi popumira."

Mawu amenewa Otilia anawasungira nyimbo yomaliza ya Lowerukalo, monga ankachitira ndi nkhani zonse zikuluzikulu. Nyimbo yomalizayo inawapeza ali pa khofi ndi mlendo.

Lolemba m'mawa Nemesio sanatsegule kachipinda kake. Anapita kwa Tiburcio, woimba ng'oma m'gulu la pabwalo lija, amenenso ananyamula mwana wawo pa ubatizo. Kuyambira tsiku limenelo awiriwa ankatchulana compadre, ndipo ankatukwanana mwaulemu monga amachitira anthu otere. Anamupeza pakhonde, mimba ili pamtunda, akudya nyemba zakuda ndi mazira.

"Ndikufuna mundijambulire nyimbo, compadre. Mphindi zinayi. Muchotsemo mipumulo yonse itatu."

Tiburcio analeka kutafuna. "Mwayamba liti kununkhiza guluu wanu uja?"

Nemesio anafotokoza zonse, za mayi wamtali, za aphunzitsi a m'mayiko makumi awiri.

"Ndamva," anatero Tiburcio. "Ndiye kuti mlendo sadziwa kugogoda, inu mukuti tizule chitseko."

"Musaseke. Tango anayambira m'mabala a padoko ngati ife tomwe. Lero ali kuti? Ife tikadali kukupiza."

"Tango ndi tango, compadre. Iwo aja amakankhana miyendo ngati akufuna kugwetsana. Ife timaima. Mukachotsa kuimako, chotsalacho n'chiyani? Nkhalamba ziwiri zikukhwekhwereza nsapato. Ngakhale bulu wa pangolo amaima pamthunzi."

"Bulu sanaitanidwepo ku Ulaya."

"Ameneyu ndiye woyamba."

Anaseka onse awiri, koma Nemesio sanasunthe. Anakhala pakhondepo mpaka dzuwa linafika pamutu, akubwereza zomwezo, mpaka Tiburcio anakweza manja.

"Chabwino. Ndiitana anyamata anayi, tijambula. Koma dzina langa lisamveke. Nanga comadre, akazi anu, akuti chiyani?"

"Akondwa."

"Mwawafunsa?"

"Anali pomwepo."

Tiburcio anamuyang'ana, n'kubwerera ku nyemba zake.

Nyimbo inabwera pa foni tsiku lotsatira. Inali yokoma ndithu, pakuti Tiburcio sankadziwa kuimba moipa ngakhale atakwiya, koma inkayenda ngati madzi a mumpopi wotayikira: chigawo chikatha chinzake chalowa, mpaka kukafika kumapeto kuja kumene ng'oma zimafulumira. Nemesio anayamba kutseka ntchito nthawi ya folo koloko. Ankasuntha miphika ya maluwa ya Otilia pakabwalo ka kuseri kwa nyumba, n'kuika foni pampando. Popeza Annelie anali atatumiza chithunzi cha nsanja imene adzavinirepo, yaikulu ngati bwalo la mpira wa manja, Nemesio anaona kuti za pa lichero zija sizingaoneke kwa okhala kumbuyo. Anawonjezamo mapazi aataliatali ndi kuzungulira kuwiri.

Tsiku loyamba, atafika pamene mpumulo unkakhala, Otilia anaima. Dzanja lake linapita lokha m'chiuno kukafuna chokupizira.

"Mwaima, mayi."

"Mapazi aima okha."

"Muwauze kuti ku Ulaya saima."

Anayambiranso. Tsiku lachiwiri anaimanso, lachitatu chimodzimodzi. Ndipo apa m'pamene Nemesio anaganiza chinthu chimene kwa iye chinaoneka chanzeru. Lachisanu, Otilia atabwera ndi khofi, anaima pakhomo la kachipinda kaja nthawi yotalikirapo kuposa masiku onse.

"Bambo, ndili ndi mawu. Ndidzanena mawa kubwalo."

Nemesio anachotsa misomali m'kamwa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Za kubwalo ndimati ndikuuzeni. Tiyambe taleka. Mapazi ali ndi mutu wawo. Sabata yonse tikuwaphunzitsa kusaima, ndiye Loweruka tikawakumbutsenso kuima? Tidzapita tikabwerako. Mawu anuwo nenani pano."

Otilia anamuyang'ana. Nkhope ya mwamuna wake inali ikuwala ngati ya mnyamata amene anamupempha gule koyamba. Makwinya a pamphumi anali atafafanizika. Anadziwa kuti akangotsegula pakamwa, ulendo watha, ndipo kuwalako kuzima iye akuona.

"Si zofulumira," anatero. "Khofi akuzizira."

Masabata anayamba kudutsa. Otilia ankamwa mankhwala ake kukhitchini, botolo akulibisa kuseri kwa chitini cha mpunga. Anaphunzira kuvina mphindi zinayi osaima, pakamwa atatseka kuti kupuma kwake kusamveke. Akamaliza ankati akukaona nyemba pamoto, n'kukatsamira khoma mpaka mdima wa m'maso utachoka. Nemesio ankamuitana kuti abwerezenso kamodzi. Ankabwera.

Ku ulendo woterewu munthu sapita ndi nsapato zakale. Nemesio anagula chikopa chofewa cha mtundu wa mkaka n'kusokera mkazi wake nsapato zimene sanasokerepo munthu wina aliyense. Muyeso sanatenge, phazi la Otilia ankalidziwa kuposa lake. Zinamukwana bwino lomwe. Patatha masabata atatu, Otilia anati zikumuthina.

"Sizingatheke," anatero Nemesio. Anagwada n'kutenga phazilo m'manja. Linali lonenepa, lonyezimira, ndipo pamene anadina ndi chala panatsala kadzenje kamene kanachedwa kubwerera. Munthu amene wagwira mapazi a anthu zaka makumi anayi amadziwa phazi lotere. Akanakhala kasitomala, akanamuuza kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo. Koma maso a munthu amaona chimene mtima wawalola.

"Chikopa cha masiku ano," anatero. "Chimakhwinyata ndi chinyezi. Ndizikulitsa."

Anazikulitsa. Patatha masabata awiri anazikulitsanso.

Tiburcio anabwera tsiku lina masana, akuti akudzasoketsa lamba. Anakhala pampando kuseri kuja n'kuonerera gule yense, manja atapinda pamimba. Otilia atalowa m'nyumba, anatsitsa mawu.

"Kubwalo anthu akufunsa. Ena akuti mwamwalira, ena akuti mwalowa mpingo woletsa kuvina."

"Adzamva pa wailesi."

"Comadre milomo yawo yada, mwaona?"

"Ndi kutentha."

"Kutentha kwa chaka chino kwasankha munthu mmodzi? Bwerani Loweruka, compadre. Nyimbo imodzi yokha. Ndidzawaimbira ija amaikonda, ndidzatalikitsa mpumulo mpaka a malipenga adzanditukwane."

"Kwatsala masabata atatu. Musandisokonezere mapazi."

Madzulo a tsiku lomwelo, akudya, Otilia anayesanso. Sanakweze maso pa mbale.

"Compadre akunena zoona. Tipiteko Loweruka lino, nkhalamba inu. Imodzi yokha."

"Tikabwerako mudzavina mpaka mudzandipempha kuti tizipita. Ndidzakugulirani ndi chokupizira chatsopano, cha ku Ulaya."

"Kumeneko kozizira amakupiza chiyani?"

Nemesio anaseka kwambiri, n'kumugwira dzanja. Ankamukonda mkazi wake, zimenezo wina asakayike. Ankangoganiza kuti Otilia ali ngati nyumba yawo yamatabwa ija, imene chaka chilichonse inkaoneka ngati igwa koma osagwa.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti anyamuke, masutikesi ali kale pabedi la mwana wawo, anavina kawiri bwinobwino. Dzuwa linali likadali pamwamba pa denga la oyandikana nawo. Nemesio anati kachitatu, kotsiriza. Otilia anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, kenaka anangoika dzanja paphewa pa mwamuna wake. Anadutsa chigawo choyamba, anadutsa chachiwiri. Ng'oma za Tiburcio zitayamba kufulumira, Nemesio anamva dzanja lija likutsetsereka paphewa pake. Anayesa kuti walakwitsa phazi, ndipo mawu odzudzula anali kale pa lilime. Kenaka thupi lonse linamulemera m'manja. Anatsika nalo pansi pang'onopang'ono, pakati pa miphika ya maluwa, foni pampando ikupitiriza kuimba mpaka kumapeto.

Woyandikana nawo wa takisi ndiye anawathamangitsira kuchipatala. M'mawa mwake dokotala anamuitanira Nemesio m'kachipinda. Anali yemwe uja.

"Apulumuka," anatero. "Koma magazi anaundana mumtima n'kukatseka mtsempha wa m'mutu. Mbali ya kumanja yafa. Za kulankhula sindikulonjezani." Anatsegula mapepala. "Mankhwala ankamwa?"

"Mankhwala ati?"

Dokotala anavula magalasi.

"Bambo, ndinawaona mu Febuluwale. Ndinawauza kuti mtima wawo sufuna liwiro. Ndinati abwere nanu, iwo anati ayi, akuuzani okha." Anayang'ana papepala, pamene analemba ndi dzanja lake. "Anati akuuzani Loweruka."



"Ndinawalola danzón yekha basi," dokotalayo anapitiriza, mawu ake ofatsa, posadziwa kuti akubaya pati. "Ameneyo sakanawapweteka. Kodi anagwa akuchita chiyani?"

Nemesio anayang'ana manja ake, akuda ndi guluu wa zaka zambiri. Anatuluka n'kukakhala pabenchi la m'khonde, n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Anapeza Maloweruka khumi ndi limodzi.

Mwana wawo anabwera kuchokera ku Puebla, ndipo ndiye analembera Annelie. Yankho linafika tsiku lomwelo, laulemu, lachisoni chenicheni. Mayiyo anati akuwapempherera, ndipo chaka chamawa malo awo adzakhalapo. Sabata isanathe, pa chithunzi cholengeza chikondwerero chija panali achinyamata awiri a dziko lina, mtsikana ali m'malere, miyendo kumwamba. Palibe amene angamunene mayiyo. Nsanja siidikira munthu. Chaka chotsatira kalata sinabwere, ndipo Nemesio sanaiyembekezere.

Otilia anabwerera kunyumba pa njinga ya odwala. Mwana anakhala mwezi umodzi, kenaka anabwerera kwa ana ake. Nemesio anaphunzira kuphika mpunga osapserera, anaphunzira kusambitsa munthu wamkulu, kumupesa tsitsi, kumutembenuza kuti asachite zilonda. Nsapato ankasoka m'mawa wokha, chitseko cha pakati chili chotsegula kuti azimva. Otilia ankamva zonse zimene zikunenedwa, maso ake ankasonyeza. Koma mawu akafika pakhosi ankasweka, n'kutuluka kaphokoso kamene ngakhale iye mwini kankamuchititsa manyazi, mpaka analeka kuyesa. Anamupatsa pensulo kudzanja lamanzere. Zilembo nazo zinali zitamuthawa.

Tiburcio ankabwera Lamlungu lililonse ndi buledi wotsekemera. Ankakhala pafupi ndi Otilia n'kumuuza miseche yonse ya kubwalo: amene wasiyana ndi mkazi, amene wagula mano atsopano, woliza lipenga amene anagona pakati pa nyimbo. Mbali yamoyo ya nkhope ya Otilia inkaseka. Tsiku lina, potuluka, anaima ndi Nemesio pakhomo.

"Kwabwera tiana tiwiri ta ku Korea, kamnyamata ndi kamtsikana. Sabata yoyamba tianato tinavina pa mpumulo, bwalo lonse linafa ndi phwete. Ndinati tianati sitibweranso. Tabweranso, compadre. Mwezi wachitatu uno. Dzulo kamtsikanako kanali ndi chokupizira, kakuima ngati kanabadwira kuseri kwa msika. Akuti akufuna akaphunzitse kwawo."

"Akaphunzitse ndi kuima komwe?"

"Akuti n'kumene anadzera."

Nemesio anayang'ana kumsewu.

"Mwina gule wathu adzafika kutali," anatero. "Gule ameneyu sanathamangepo. Ndine ndinamukoka."

"Nyimbo ija ikadali pa foni yanga. Nditani nayo?"

"Fufutani."

"Ndinafufuta kale. Ndimangofuna ndimve kwa inu."

Tiburcio atapita, Nemesio anabwerera m'nyumba. Otilia anali pampando wake pafupi ndi zenera, dzanja lakufalo lili pamiyendo. Masiku amenewo Nemesio ndiye anali wolankhula. Ankamuuza zonse, mtengo wa chikopa, mphaka wa oyandikana nawo, maloto ake, ngati munthu amene akuthira madzi mumtsuko wosweka poganiza kuti mwina pansi patsalako. Koma panali funso limodzi limene analisunga chaka chathunthu, likumudya ngati chiswe. Tsiku limenelo anakoka mpando. Poyamba anauika patsogolo pa mkazi wake, kenaka anaganiza, n'kuusunthira m'mbali mwake, onse awiri kuyang'ana pazenera.

"Mayi," anatero, "za mtima ndinamva kwa dokotala. Koma Maloweruka anali khumi ndi limodzi. Inu simunkatha sabata opanda nkhani. Zinazo zinali zotani?"

Otilia anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Milomo inagwedera, khosi linagwira ntchito, mtsempha wa pachipumi unatupa. Nemesio anadikira, osapuma n'komwe. Anadikira nthawi yaitali kuposa imene anadikirapo munthu aliyense m'moyo mwake. Kenaka Otilia anatseka pakamwa. Anakweza dzanja lamanzere n'kumupukuta mwamuna wake patsaya, pamene panali ponyowa, n'kubwezera maso pazenera.

Zinali zotani, palibe adzadziwe. Mwina zinali za denga, mwina za mdzukulu, mwina mawu ena amene mkazi amasungira mwamuna wake akadziwa kuti masiku afupika. Otilia anakhala zaka zina ziwiri, wosamalidwa bwino, ndipo anapita nazo.

Nemesio sanali munthu woipa, ndipo chimene ankafunira gule wa bambo ake sichinali choipa. Kungoti anali ndi chake chenicheni m'manja, chofunda, chopuma, chimene chinkangopempha kuti aime pang'ono katatu pa nyimbo, ndipo iye anachisinthanitsa ndi kuwomba m'manja kwa anthu amene sanawaonepo, amene mpaka lero sadziwa kuti kunali Nemesio. Akuluakulu onunkhiza fodya anaziona kalekale zimenezi, n'chifukwa chake anati: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.